Mnzathu wa performance alibe chopachika pakhoma, tigawana naye bwanji?

Wapenti wa ku Zomba: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Pa chionetsero cha mwezi wamawa tilipo anayi, atatufe a penti, wachinayi ndi mtsikana wa performance, luso lochita ndi thupi lako anthu akuona. Akufuna kuyala nsalu yoyera pansi, adzipake makala ndi dothi la katondo, n'kumayendapo pang'onopang'ono anthu akuonerera. Eni holo amadula gawo lawo pa chithunzi chilichonse chogulidwa. Iye alibe chogulitsa. Ndalama yolipirira holo tisonkhe mofanana? Nanga iye apita kwawo ndi chiyani?

Wosema ziboliboli: Achimwene, zimenezo ndi zisudzo, apite kwa a drama. Ife timatuluka matuza ndi sompho, wina angodzipaka makala basi?

Mphunzitsi wa luso: Bambo, pepani, pamenepo nditsutsako. Wa zisudzo amasewera ngati munthu wina, ndipo mpeni wake ndi wabodza. Wa performance amakhala iye mwini. Mu 1974 ku Naples ku Italy, mayi wa performance Marina Abramović anaika zinthu 72 patebulo, mpeni ndi mfuti zili pomwepo, n'kuima maola 6 kuti anthu amuchite chimene afuna. Anamung'ambira zovala, ena mpaka kumucheka khungu. Komanso si za azungu okha. Mmalawi Samson Kambalu, yemwe chiboliboli chake cha John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, anayamba kudziwika ndi Holy Ball, mpira womatidwa masamba a Baibulo woti anthu azimenya. Mpirawo ukangokhala pashelefu ntchito sinathe, imatha wina akauponda.

Wosema ziboliboli: Za Kambalu ndagonja. Koma ndalama sizinayankhidwe.

Mayi wa batiki: Chogulitsa chilipo, mukuchipondaponda. Nsaluyo! Akamaliza isachapidwe. Dothilo asakanize ndi guluu wa matabwa wosungunula m'madzi kuti ligwire, makalawo muwapopere fixative, mankhwala oti asayoyoke, ikasowa ngakhale sipuleyi ya tsitsi imathandizako. Mawa lake muikoke pa fulemu, muipachike ndi mtengo wake. Amene anaona mapaziwo akudindidwa sadzanenerera kwambiri.

Koma chenjerani ndi fumbi. Makala amauluka, ndipo penti ya oil yosauma bwino imawagwira osawasiyanso. Zanu zikhale patali, kapena achitire pakhonde.

Wojambula ndi kamera: Lembani pangano tsiku lisanafike: zithunzi ndi vidiyo mwini wake ndani? Ambiri amayambana pamenepa. Ine ndimalandira ya ntchito yanga, iye amasankha zithunzi zochepa, kuzisindikiza, kulemba nambala ndi kusaina. Ndipo mundiuze pomwe kuwala kudzachokere, ndisadzajambule misana ya anthu.

Wapenti wa ku Zomba: Dzulo ndinakaonerera mtsikana uja akuyeserera. Amayeza poponda ngati mmene ife timayezera poika mtundu, mbali ina ya nsalu amaisiya dala yoyera, ndipo katondo amamusunga mpaka kumapeto kuti kufiira kudzakhale pamwamba pa kuda. Ndi kujambula ndithu, kungoti burashi ndi phazi. Tagwirizana kuti ya holo asonkhe theka, pa tsiku lotsegulira tiike kandalama kolowera pakhomo kakhale kake, nsalu ndi zithunzi zidulidwe gawo ngati zathu.

Wosema ziboliboli: Fulemu ya nsaluyo ndikhoma ndine. Tumizani miyezo, achimwene, ndi ya misomali.