Ndalama za m'thumba lathu: chigayo cha mpunga kapena nyumba yosungiramo?

Mlembi: Moni nonse a kwathu ku Nkhotakota. Komiti yabwera ndi ganizo loti ndalama za m'thumba lathu tigulire chigayo, tizipuntha tokha mpunga wa Faya ndi Kilombero, n'kumalongedza m'mapaketi a 1 kg ndi 5 kg okhala ndi dzina la kwathu. Tamveni maganizo anu.

Achimwene a ku Joni: Ine ndavomera kale. Alimi a m'bungwe la alimi ang'onoang'ono la KASFA ku Kaporo, ku Karonga, Kilombero wawo anafika mpaka ku Scotland kudzera ku bungwe la zamalonda la Just Trading Scotland. Ife Faya wathu mavenda akungomutenga pa ndowa, n'kukamugulitsa ku Lilongwe m'dzina la wina. Zimandiwawa.

Mayi a ku Linga: Achimwene, zowawazo tonse tikuziona, koma mu Meyi ndi Juni mlimi amakhala ali kale ndi ngongole ya aganyu ndi ya katapila. Venda amafika ndi ndalama m'manja, ngakhale sikelo yake ikhale yobera. Nanga chigayo chathucho chidzapuntha mpunga wa yani ngati ife tilibe zogulira nthawi yokolola? Tiyambe ndi nyumba yosungiramo ndi ndalama zogulira mpunga wosapuntha. Kupunthitsa tizikapunthitsa pa zigayo zomwe zilipo kale pa boma.

Aphunzitsi: Ndikugwirizana ndi mayi, komanso pali nkhani ya mbewu. Kilombero ndi Faya amachedwa kucha ndipo sabereka ngati mpunga wa mtundu wa Pussa kapena TCG10, n'chifukwa chake ena amasakaniza kuti thumba lidzaze. Wogula akatsegula poto osamva fungo lija, sadzabwereranso. Tikafunse mbewu yosasakanikirana ku malo a kafukufuku wa mpunga a Lifuwu, ku Salima. Ndipo paketi yopanda chizindikiro cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu, ma sitolo akuluakulu saikonda.

Achimwene a ku Joni: Koma aphunzitsi, zigayo zapabomazo zimaswa mpunga. Paketi yodzaza zosweka ndani agule?

Mayi a ku Linga: Kusweka sikuchokera pa chigayo pokha ayi. Mpunga ukayanikidwa pa lona dzuwa la masana osautembenuza, usiku n'kugwidwa ndi mame, njere imang'aluka mkati isanaone chigayo. Ukaufikisa m'manja umamva wekha. Izi n'zoti tiphunzitsane kumudzi, sizifuna mamiliyoni.

Achimwene a ku Joni: Ndamva, mayi. Koma chigayocho chisachoke pa pulani, chikhale cha chaka chamawa.

Mlembi: Chabwino. Aphunzitsi afufuze za mbewu ndi za MBS, mayi atibweretsere mtengo wa lendi ya nyumba yosungiramo. Loweruka tivota, ndipo omwe simunapereke za mwezi uno musaiwale.