Zovala zandikulira koma ndili pa ngongole, nditani?

Moni nonse abale ndi alongo. Adokotala atandipeza ndi BP anandiuza ndichepetse thupi, ndiye ndachoka pa saizi 44 kufika 40, ndipo ndikutsikabe. Vuto ndi zovala za kuntchito: masiketi ndikuchita kugwirizira ndi mapini m'chiuno. Pomwepo ndikubweza ngongole ya banki mkhonde, yofunika kutha tisanagawane mu Disembala, moti ndikalandira zotsala ndi za lendi ndi chakudya basi.

Atelala anandichepetsera masiketi ena, koma majekete akuti sizingatheke chifukwa cha mapewa. Kaunjika wa ku Limbe naye wakwera mtengo. Ndinayesa kugulitsa zakalezo pa WhatsApp, aliyense akufuna pa ngongole.

Inu amene munadutsamo, munkagula zingati pa saizi iliyonse? Kapena ndipirire mpaka ngongole ithe? Alipo akudziwa kosinthanitsa zovala muno mu Blantyre? Chonde ndithandizeni maganizo.