Kodi "Mbalame ikakhala pauta siilasika" ndi chilolezo chokondera m'bale?

Wa ku Linthipe:
Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndithandizeni mwambi uwu: "Mbalame ikakhala pauta siilasika." Kusukulu anatiuza kuti umanena za kuvuta koweruza m'bale wako. Koma momwe ndinaumvera kwathu wandisiya ndi mafunso.

Nthawi ya lupsa tinapita kuuzimba pachibale. Amalume ndiwo ankatsogolera, panali achimwene anga aakulu, asuweni, ndi bambo wina mkamwini amene anakwatira amayi aang'ono. Agalu anadzutsa gwape m'mphepete mwa dambo, pomwe udzu unali usanapse. Mkamwini uja ndiye anayamba kuponya nthungo, n'kumubaya pantchafu. Gwape anathawabe akutsimphina mpaka anakagwera m'manja mwa achimwene, iwo n'kumumaliza ndi chibonga. Apo mkangano buu! Achimwene akuti ndapha ndine, mkamwini akuti taonani bala ili, nthungo ndi yanga.

Tonse maso kwa amalume. Iwo anayang'ana gwape, anayang'ana achimwene, n'kunena mwambi umenewu basi, kenako anauza anyamata kuti asende. Pogawa, nyama yambiri inapita kwa achimwene, mkamwini anangopatsidwa mwendo umodzi wakutsogolo. Tsono amalume ankavomera kuti akondera, kapena ankatiuza kuti umo ndi momwe ziyenera kukhalira?

Mlenje wakale:
Mwana wanga, tiyambe ndi lamulo la uzimba, mwambi ubwere pambuyo. Kwathu mwini nyama ndi amene wayamba kuilasa, bala lichepe bwanji. N'chifukwa chake aliyense ankaika chizindikiro pamivi ndi panthungo zake, kuti nyama ikagwa anthu ayang'ane chitsulo chomwe chili m'thupimo, mlandu uthere pomwepo. Womaliza amalandira mwendo wakutsogolo ngati zikomo. Ndiye taonani bwino: mwendo womwe anapatsidwa mkamwiniyo unali wa achimwene anu, ndipo zomwe anasenza achimwene anu zinali za mkamwini. Amalume anu sanasokoneze mwangozi, anachita kutembenuza akudziwa.

Kagawidwe ka nyama sikanali kamasewera. Njovu ikaphedwa, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mfumu mwini dziko, chikopa cha mkango kapena cha kambuku chimodzimodzi. Munthu ukabisa, unali mlandu waukulu. Gwape ndi kanyama kochepa, koma anthu adanapo mpaka kusamuka pamudzi chifukwa cha ntchafu imodzi.

Mphunzitsi wopuma:
Ndikugwirizana ndi a Mlenje. Ine ndifotokoze za utawo, popeza ana a masiku ano ambiri sanaugwirepo. Ukamakoka uta, dzanja limodzi limagwira mtengo, lina limakoka nsinga pamodzi ndi muvi. Nsonga ya muvi imakhala itapitirira kale mtengo wa utawo, yaloza kutsogolo. Tsono mbalame ikatera pamtengopo, ili kumbuyo kwa nsonga. Ukoke bwanji, muvi udzaidutsa n'kupita kutali. Chida chako chinapangidwira zakutali, zapafupi sichiziona.

Ndiye mwambiwu sukunena kuti mbalameyo ndi yosalakwa, kapena kuti mlenje waimvera chisoni. Ukunena kuti mlenje wasowa pogwira. Ndi mawu a munthu amene akuvomera kufooka kwake. Mfumu ikanena mawu amenewa pabwalo, anthu ankamva kuti mlanduwu waikulira chifukwa wolakwa ndi mwana wa m'nyumba, ndiye upite kwa mfumu ina kapena kwa agulupu. Ngakhale kukhoti lero, woweruza akaona kuti wozengedwa ndi m'bale wake amadzichotsa pamlanduwo, wina n'kuutenga. Cholakwika cha amalume anu n'chakuti ananena mwambiwo kenako n'kuweruzabe. Ukati siilasika, uika uta pansi.

Mayi wa ku Ntchisi:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma mwalumpha chinthu chimodzi. Bwanji mbalame ya pauta inali achimwene awo osati mkamwini? Onsetu ndi apabanja. Yankho lili m'chikamwini chathuchi. Kwa Achewa mwana wa mlongo ndi mbumba ya malume. Ndiye adzalowe dzina, ndiye adzasunge manda, ndiye adzagwire maliro a amalumewo. Mkamwini ndi wobwera, munda womwe akulima ndi wa kuchikazi, banja likatha amanyamula kathumba kake n'kubwerera kwawo. Amalume anawerengera zonsezi mumtima nthawi yomwe ankayang'ana gwape uja.

Ine bambo anga anali mkamwini moyo wawo wonse, ndiye nkhani ngati izi zimandikhudza. Munthu amakhoza kumanga nyumba, kufolera nkhokwe, kukumba manda a apongozi, koma tsiku la mkangano amakumbutsidwa kuti kuno si kwanu. Mwambi woterewu ukatuluka pakamwa pa mwini mbumba, mkamwini amamva kuti khala chete. Sindikukhulupirira kuti amalumewo ankadandaula za kufooka kwawo ayi. Ankatseka pakamwa munthu.

Mnyamata wa pa Joni:
Koma akuluakulu, ine pali pomwe pakundiseketsa. Mbalame yatera pauta, pafupi ndi dzanja lako. Bwanji osangoigwira? Mlenje wanji wolira kuti sindingailase pamene ndiwo zadzibweretsa zokha?

Mphunzitsi wopuma:
Achimwene a pa Joni, mukuseka koma mwakhudza penipeni. Agogo anga ankanena chomwecho: siilasika, koma imagwirika. M'bale salasidwa pagulu, amagwiridwa ndi manja kuseri. Malume wanzeru akanaweruza mokomera mkamwini pathengo pomwepo, kapena ngati zinamukanika, akanaitana mwana wa mlongo wake madzulo kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza kuti tenga ntchafu iyi ukapereke kwa bambo ako aang'ono, ukapepese. Anthu ambiri amagwira theka loyamba la nzeruyi chifukwa ndi lomwe limawakomera.

A Mayi a ku Ntchisi, sindikutsutsa zomwe mwanena. Mwambi umodzimodzi wina amaunena modandaula, wina moopseza. Kusiyana kwake kumaoneka pa zomwe wachita ataunena.

Wa ku Linthipe:
Zikomo nonse. A Mlenje, za chizindikiro panthungo sindinkazidziwa, koma pa tsikulo panalibe wokayika kuti nthungo inali ya yani. Aphunzitsi, zoitana kuseri sindinazione, mwina zinachitika ine nditabwerera kutauni. Chomwe ndikudziwa n'chakuti chaka chotsatira mkamwini uja anakana kupita nawo, anati agalu ake akudwala.

Mlenje wakale:
Agalu sanadwale amenewo. Ndipo cholakwika china chinachitika musanalowe n'komwe m'thengo. Uzimba weniweni, mkulu amaimitsa anthu onse pamalo okumanirana n'kunena malamulo: woyamba kulasa ndi mwini, womaliza mwendo, mwini galu wodzutsa nyama gawo lake, ndipo wina asaponye nthungo kumene kuli mnzake. Aliyense amavomera nyama isanaoneke, chifukwa magazi akangogwa pansi palibenso womva mnzake. Paja amati nkhanga zinapangana kusanapse. Amalume anu akanatero, sakanafunika kuweruza m'bale, akanangokumbutsa anthu mawu awo omwe.

Wa ku Nkhotakota:
Ndisakusokonezeni pa mwambi, koma wina anene izi. Gwape ameneyo mwa lamulo sanali wa achimwene kapena wa mkamwini. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992 limafuna chiphaso kwa wosaka nyama zotere, ndipo litakonzedwanso mu 2017 zilango zinakwera kwambiri, mpaka zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi zipembere. Gwape sali pamlingo umenewo, komabe kupezeka ndi nyama yake wopanda chiphaso ndi mlandu. Kuno kwathu chiyambire 2015, pomwe a African Parks, bungwe losamalira nyama zakutchire, anayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota, misampha ya waya yazulidwa yambirimbiri ndipo anthu amamangidwa ndithu.

Chomwe chandikumbutsa zimenezi ndi mwambi womwewu. Ambiri mwa alonda a nkhalango amachokera m'midzi yozungulira momwemo. Tangoganizani mlonda wagwira munthu ali ndi mbawala paphewa, kumuunika kumaso n'kupeza kuti ndi msuweni wake. Ameneyo alibe kuseri kwa nkhokwe koti akakambirane, anzake a ntchito ali pomwepo akumuyang'ana.

Mayi wa ku Ntchisi:
Ameneyo angouza mnzake kuti mangani ndinu, ine nditembenuke. Koma ndibwerere kwa mkamwini uja, chifukwa nonse mukuganizira za amalume. Nayetu ali ndi malume ake kwawo, ali ndi ankhoswe ake. Ukwati uli ndi ankhoswe mbali ziwiri ndi cholinga chakuti munthu asaweruzidwe ndi eni mudzi okha. Akanafuna, akanatumiza mawu kwawo kuti andilanda nyama kuno, nkhoswe yake n'kubwera kudzakhala pamphasa ndi amalume anuwo. A ku Linthipe, mukadzapitanso kumudzi mukawafunse amayi anu aang'ono ngati nkhoswe ya amuna awo inamva nkhaniyi, ndipo mudzatiuze zomwe akayankhe.