Ndithandizeni kujambula ma puffin akuuluka ku Isle of May

Moni nonse abale ndi alongo. Ine ndimakhala ku Dundee kuno ku Scotland. Loweruka lapitali ndinakwera boti ku Anstruther kupita pachilumba cha Isle of May kukaona ma puffin, timbalame ta milomo yamawangamawanga timene timaikira dzira limodzi lokha m'una.

Timbalameti tikatera pa udzu zithunzi zikutuluka bwino. Koma tikamauluka kuchokera kunyanja ndikungopeza chimbuuzi, mapiko osaoneka n'komwe, ndipo zandiwawa kwambiri.

Kamera yanga ndi Nikon D3500, lens ya 70-300mm. Ndayesa sports mode, ndakweza shutter (liwiro lojambulira) kufika 1/1000 ya sekondi, ndinatsamiranso pamwala poti mphepo imandigwedeza manja. Mavidiyo a pa YouTube ndaonera ambiri, osaphula kanthu.

Ndikufuna kubwererako mu Juni, anapiye ataswa, pamene makolo amabwera atandanda tinsomba kukamwa ngati usipa. Nthawi yokhala pachilumbapo ndi yochepa, komanso kupatuka m'njira n'koletsedwa kuopa kugumula mauna.

Amene munajambulako, shutter ndi ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) mumaika pati? Nanga focus mumaitchera bwanji kuti izitsatira mbalame? Ndipo malo abwino oimapo ndi ati?