Mawu a azimayi akubaya m'makutu pa sipika zanga

Wa ku Chibavi: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi ampulifaya ndi sipika ziwiri pabalaza, nyimbo zimachokera pafoni. Amuna akamayimba zonse zili bwino, koma kwaya ya amayi ikakweza mawu, "s" aliyense amabaya m'makutu. Pansi ndi pasimenti. Vuto lili pati?

Katswiri wa ku Luwinga: Achimwene, yambani ndi foni. Voliyumu yake ikhale cha pa 70 peresenti, kukweza muzichita pa ampulifaya. Zimitsani batani la Loudness, limawonjezera mawu otsika (bass) ndi okwera (treble) omwe. Pa equalizer, pomwe mumakweza kapena kutsitsa magawo a mawu, kuwawa kumakhala pakati pa 2 ndi 4 kHz, "s" wobayayo pakati pa 5 ndi 8 kHz. Tsitsani ndi 2 kapena 3 dB basi. Mukapitirira, mawu amazilala. Onaninso fayilo: MP3 ya 128 kbps imawononga mawu okwera, pezani ya 320 kbps.

Amayi a ku Katoto: Simentiyo ndimayikayikira. Imabweza mawu okwera, magalasi a mazenera nawonso. Yalani kapeti pakati pa sipika ndi mpando, tsekani makatani, ndipo sipikazo zisaloze m'makutu mwanu, ziyang'ane kutsogolo.

Wokonza mawailesi ku Zolozolo: Zikakanika, tembenuzani balance, yomwe imagawa mawu pakati pa sipika ziwirizo, kumanzere, kenako kumanja. Ngati ikubaya ndi sipika imodzi, isinthanitseni ndi inzakeyo. Vuto likatsata sipika, ndi tweeter (kasipika ka mawu okwera) kapena capacitor yake (kachipangizo kotchinga mawu otsika kuti asafike pa tweeter). Chotsani magetsi, werengani nambala ya pa capacitor, nthawi zambiri 2.2 mpaka 4.7 µF, mugule ya non-polar (yopanda mbali ya + ndi -) yofanana ndendende. Mukaika yokulirapo, tweeter imalandira mawu otsika omwe siyingawakwanitse, imalira mokalipa, mapeto ake imapsa.