Masewera osakasaka a pa foni ku Prague: amayi anga angakwanitse?

Abale, ndigaireniko nzeru. Mwezi wamawa tikakhala ku Prague, likulu la dziko la Czech, masiku atatu, ineyo, amayi anga ndi mnyamata wanga wa zaka 11. Mwanayu watulukira app ina yoti mukalipira kamodzi imakuyendetsani mumzinda wakalewo ngati mukusaka chuma chobisika. Imakuponyerani ndagi, mukailasa imakuuzani kolowera. Imene wasankhayi ikuyambira pa Old Town Square, pa wotchi yakale yotchuka ya mu 1410, kuwoloka mlatho wa Charles Bridge mpaka kumtunda ku Prague Castle. Akuti ndi maola awiri.

Nkhawa yanga ndi amayi. Bondo lawo lakumanzere limavuta, koma simungawamve akudandaula, amangoti tiyeni mpaka usiku litatupa. Chinanso, mwana wangayu ndimamudziwa: akangoona mapointi, maso onse akhala pafoni, mzinda osauona. Alipo anayesapo? Kapena ndingolipira munthu wotiperekeza basi?

Mayankho

Ndinachita chaka chatha, mwina app yake ndi ina. Maola awiriwo musawakhulupirire, ife tinatha anayi. Koma za maso pafonizo musade nazo nkhawa, chifukwa mayankho sakhala mufonimo, amakhala pamakoma ndi pansi. Funso lina linati tiwerenge mitanda yoyera pafupi ndi Old Town Hall. Tinasuzumira m'mwamba, tinazungulira kawiri, osadziwa kuti tikuiponda. Ili pansi penipeni, yopangidwa ndi timiyala toyera, ilipo 27, kukumbukira anthu 27 amene anaphedwa pamalopo mu 1621. Pakanapanda funsolo ndikanangodutsa ngati anzanga onse amene ankadikira wotchi ilire.

Chenjerani ndi manambala a nyumba. Zambiri zili ndi awiri, ina pachikwangwani chofiira, ina pa chabuluu. Yofiira ndi ya kaundula wa nyumba za dera lonselo, yabuluu imatsata msewu. Ife tinalowetsa yolakwika katatu mpaka kuyamba kulozana zala ndi amuna anga. Mwana akasangalala kwambiri mu msewu wa Nerudova, momwe nyumba zakale zidakali ndi zizindikiro zimene ankazidziwira manambala asanabwere: ina madzuwa awiri, ina mavayolini atatu. Koma msewu umenewo ndi chitunda, komanso ndi wa miyala yosasalala. Amayi asakwere ndi miyendo. Akwere tram 22 (sitima yoyenda mumsewu), mukakumane kumtundako.

Tengani power bank, GPS imadya batire koopsa. Ndipo m'tinjira topanikizika kadontho kabuluu kosonyeza pamene muli pamapu kamadumphadumpha, kukuikani kuseri kwa nyumba ina. Pa mlatho pitani m'mamawa. Pali ziboliboli 30, ndiye kuwerenga zolembedwa pa zimenezo masana anthu ali piringupiringu ndi chintchito.

Ine ndikanalipira munthu. Foni simungaifunse funso.

Musanalipire onani ngati app yo imalola kuimitsa nthawi kapena kudumpha funso. Ngati imalola, gawani masiku awiri. Ndipo foni agwire ndi agogo, mdzukulu akhale wothamanga kukaona n'kubwera ndi yankho.

Yankho la wofunsa

Zikomo nonse. Zopatsa amayi foni zandigwira mtima, ankakonda kutiponyera ndagi tili ana. Ndafufuza, kuimitsa nthawi imalola, koma kudumpha funso ayi. Ndiye mafunso a mu Nerudova tiyankha ine ndi mwanayu, amayi atatsogola pa tram. Kumtundako pali poti angakhale pansi potidikira?