Lie, lay, laid: kamawu kamene kanandiitanitsa ku ofesi

Mlongo wa ku Leeds ku England: Abale mwadzuka bwanji, ine ndangoweruka kumene night yachitatu motsatana maso akuwawa koma ndati ndisagone ndisanafunse. Dzulo manejala anandiitana ku ofesi nkhani ya lipoti lomwe ndinalemba Lachiwiri. Ndinapeza agogo ena amene timawasamalira kuntchito ali pansi pambali pa bedi cha m'ma 3 koloko usiku, sanavulale, ndinaitana anesi zonse tinachita bwinobwino, nde polemba ndinati she lied on the floor. Manejala akuti kodi agogowa anakunamiza chani? Ine kukamwa yasa. Anangoti kakonze, osandiuza pokonza pake. Ndalakwitsa pati?

Dalaivala wa pa Joni: Kkkkkk asisi mwawanamizira agogo bodza pa pepala la boma

Mlongo wa ku Leeds: Achimwene inu musaseke, ine usiku wonse mtima unali phaphapha kuganiza kuti ntchito yatha

Aphunzitsi: Pepani mlongo, ndipo musadzione ngati mbuli, kamawu kameneka ndinkavutika nako ngakhale ndi ana a Form 4 ndisanasiye choko. Vuto ndi loti pachizungu pali aneni atatu ovala malaya ofanana, pomwe kwathu ndi mawu atatu oti ngakhale mwana wa Standade 1 sangawasokoneze: kugona, kugoneka ndi kunama.

Kugona wekha, thupi lako kulitambasula pabedi kapena pansi, ndi lie. Lero I lie, dzulo I lay, ukaika have kapena has ndi lain, ukamachita panopa ndi lying.

Kugoneka munthu wina kapena kuika chinthu pansi ndi lay. Lero I lay, dzulo I laid, ndi have ndi laid yemweyo, panopa laying.

Kunama ndi lie, dzulo lied, ndi have lied. Ameneyu yekha ndi amene amangolandira d kumapeto mwaulemu, nde inu munatenga d wa kunama n'kumupatsa kugona. Munayenera kulemba she lay on the floor, kapena yomwe imamveka bwino mu lipoti, she was lying on the floor.

Mlongo wa ku Leeds: Dikirani aphunzitsi, lay uja wabwera kawiri kapena ndi tulo tangati?

Aphunzitsi: Si tulo, msampha uli pomwepo. Lay ndi dzulo la kugona, komanso ndi lero la kugoneka. Mmene mungadziwire, mukangolemba dzifunseni kuti ndani kapena chani. She lay on the bed, anagona basi, palibe amene anamugoneka. We lay her on her side every night, timamugoneka, ndani, agogowo. Ngati pali munthu kapena chinthu chotsatira ndi banja la lay laid laid, ngati palibe ndi banja la lie lay lain. Nkhuku ikaikira dzira ndi the hen laid an egg, kuyala tebulo ndi lay the table. Lain musavutike naye kwambiri, zaka zonse ndili kuno sindikumbuka kumumva pakamwa pa munthu, amakhala m'mabuku ndi pa mayeso.

Mnyamata wa warehouse: Koma lying nayenso ali pawiri eti, kunama ndi kugona

Aphunzitsi: Eya, spelling imodzi, y pakati osati lieing. Chimene chikutsatira ndi chomwe chimaulula. Lying on the floor wagona pansi, lying to me akundinamiza.

Mayi a ku Luton: Ine yanga inaposa imeneyo ndipo mpaka pano ndikaikumbukira ndimamva kutentha kumaso. Mwezi wanga woyamba ndinapeza bambo wina ali pansi kubafa ndinalemba he was sleeping on the floor, poti ife kugona ndi kugona basi, kaya uli m'tulo kaya uli maso ukungoyang'ana kudenga timati wagona. Mwana wawo wamkazi atawerenga anabwera moto lawilawi kuti bambo anga mumawasiya agone tulo pasimenti usiku wonse? Pomwe munthu anali maso akundilankhula, pansipo sanathepo ndi mphindi khumi zomwe. Kuyambira tsikulo sleep ndimalemba pokhapokha maso ali otseka akupuma za tulo

Dalaivala wa pa Joni: Nde chizungu cha kumeneko ndi chodula bwanji. Kuno bwana amangoti did you deliver, ine yes boss, yatha. Borrow me fifty rand aliyense amamva mpaka amene anabadwira mommuno

Aphunzitsi: Achimwene borrow me ameneyo musadzapite naye pa mayeso kkk. Kubwereka ndi borrow borrowed, kubwereketsa ndi lend lent lent. Mwaona kuti ndi nkhani yomwe ija? Ife timangotalikitsa mawu, gona goneka, dzuka dzutsa, bwereka bwereketsa, iwo amasinthiratu mneni. Rise rose risen ndi kukwera chokha, raise raised ndi kukweza. Her temperature rose, koma I raised the bed.

Anesi a ku Manchester: Ndalowa mochedwa ndinali pa handover, kusiyirana ntchito ndi a shift ina. Aphunzitsi anena zoona zonse, ine ndingowonjezera za ntchito chifukwa malipoti amenewa ndimawawerenga tsiku ndi tsiku ndipo ena ndimasainira ndine. Choyamba mlongo, ngati simunaone munthu akugwa ndi maso anu musalembe she fell. Lembani found lying on the floor, nthawi yake, mbali imene anagonera, ngati anali maso, zimene ananena yekha. Mwina anatsetsereka, mwina anachita kukhala pansi dala, simunalipo. Pepala limenelo likhoza kudzawerengedwa ndi achibale, a safeguarding (oteteza anthu osamalidwa ku nkhanza) kapena a CQC (bungwe loyendera zipatala ndi nyumba zosamalira anthu ku England) patatha miyezi inu mutaiwala kale nkhope ya agogowo, nde chimene chatsala ndi mawu anu okha. Komanso nthawi ndi yofunika chifukwa munthu akakhala pansi kupitirira ola limodzi amati long lie, lie yemweyo wa kugona, ndipo zikatero madokotala amayamba kuda nkhawa ndi impso, zilonda ndi kuzizidwa ngakhale fupa lisanathyoke. Ndiye lembani nthawi imene munamuona komaliza ali pabedi ndi nthawi imene munamupeza.

Chachiwiri fall ndi feel. Fall fell fallen, feel felt felt. He felt down ndaiona kambirimbiri kwa abale athu ndi a mayiko ena omwe, munthu akufuna kunena kuti anagwa koma walemba kuti anali wokhumudwa, nde dokotala m'malo moyang'ana chiuno akuyamba kufunsa za maganizo.

Mayi a ku Luton: Felt down ameneyo ndi ine ndendende, Ambuye andikhululukire

Mlongo wa ku Leeds: Komatu asisi chikundisokoneza china, anzanga achizungu pa shift amati she was laid on the floor, ena she was laying in bed, ngakhale I was sat there. Nde olondola ndani, eni chinenero kapena ife?

Anesi a ku Manchester: Kumpoto kwa England kuno ndi mmene amalankhulira, I was sat, I was stood, ndi chilankhulo cha kwawo ngati mmene wa ku Lilongwe ndi wa ku Mulanje amasiyanirana. Pocheza musawakonze mudana nawo chabe. Koma polemba samalani, she was laid on the floor munthu wina akhoza kumva kuti alipo amene anamugoneka pansipo, nde funso likhala loti ndani, ndipo pa shift munali inu. Ndipo amene mukukonzekera mayeso a chizungu a IELTS kapena OET kuti mulowe NMC, bungwe lolembetsa anesi ku UK, wochonga sakupatsani chifundo chifukwa choti mnzanu wa ku Yorkshire, dera la Leeds, amatero. NMC imafuna 7 pa IELTS, writing yokha ndi imene amalola 6.5, ndipo ambiri timakakamira pa writing pomwepo.

Mnyamata wa warehouse: Funso lomaliza aphunzitsi, she did not ate kapena she did not eat? Supervisor anandiyang'ana modabwa nditati I did not went

Aphunzitsi: Did akangolowa dzulo lonse wasenza ndi iyeyo, mneni amabwerera kwawo. Did not eat, did not go, did not lie down. Koma have amafuna wachitatu uja ngati lain, has not eaten, has fallen, has given. Ine ndimati musaloweze mndandanda wonse wa kumapeto kwa dikishonale ngati tikulemba MSCE, tengani khumi okha amene mumalemba pa shift iliyonse, eat, drink, take, give, fall, feel, sleep, wake, lie, find, muwalembe pa kapepala atatuatatu muike kuseri kwa ID yanu. Changa chinachita kufufutika ndi sanitiser.

Admin: Ndapina uthenga wa aphunzitsi pamwamba. Komanso amene munaitanitsa ufa ndi usipa galimoto ikufika Loweruka, ndalama zanu chonde, ena atatu simunatumize

Mlongo wa ku Leeds: Ndalemba chonchi onani ngati zili bwino ndisanatumize: At 03:10 I found her lying on the floor on her left side. She was awake and said she felt no pain. I did not see her fall.

Anesi a ku Manchester: Zili bwino. Wonjezerani nthawi imene munamuona komaliza ndi nthawi imene anesi anafika, ndipo lipoti loyamba lija musalifufute, ikani ichi ngati chokonza ndi deti ya lero, musaine.

Mlongo wa ku Leeds: Ndatero. Zikomo nonse, ine ndikukagona tsopano, kwa tulo kwenikweni. Admin ya ufa nditumiza ndikadzuka